Apongozi pa Chigudumu cha Mfumu

Kuseri kwa mapiri amene aphunzitsi sawatchula kuli ufumu wa Tiwoneni. Musavutike kuufuna pa mapu, chifukwa amene adatumidwa kukaujambula akadali pa msonkhano wokonzekera ulendo. Likulu lake ndi mzinda wa Mwationa, womwe udayalidwa m'mbali mwa mtsinje wa Kokolola. Mtsinjewo ndi waukulu, wa madzi ofiira, ndipo dzinja lililonse umanyamula milatho, mbuzi ndi malonjezo a nduna n'kupita nazo kumunsi osabweza.

Mfumu ya dzikolo inali Kadzitame Wachiwiri. Kadzitame Woyamba palibe adamuonapo, koma mfumuyo inkati dzina lopanda nambala limamveka ngati la wogulitsa makala.

Chaka china mfumu idapita kunja kukapimitsa bondo. Idabwerako ndi bondo lomwelo, koma mutu utadzaza. Isanavule n'komwe nsapato za paulendo, idaitanitsa nduna zonse kubwalo.

"Kumene ndikuchokeraku," idatero mfumu, "anthu amakwera ndege kudzangoona mtsinje. Amabwera ndi akazi awo, ana awo, ndi agalu omwe. Ife mtsinje tili nawo. Alendo ali kuti?"

Nduna zidazolika, aliyense kufunafuna alendo pakati pa nsapato zake. Kenaka adadzuka a Ndavomera, nduna yamimba yaulemu, yomwe m'moyo mwake idakanapo chinthu chimodzi chokha, ndicho kusala kudya.

"Mwalasa, Wamkulukulu. Ndimati ndinene zomwezo, koma mwanditsogolera monga mwa masiku onse."

"Sindinanene kanthu. Ndafunsa."

"Funso lakelo, Wamkulukulu, ndi limene ndikugwirizana nalo."

Tsiku lomwelo a Ndavomera adapatsidwa unduna watsopano, wa Zokopa Alendo ndi Kumwetulira, ndipo m'mphepete mwa Kokolola mudayamba kumangidwa Paki ya Chisangalalo.

M'pakimo mudaikidwa zonse zimene mfumu idaona kwa eni ake. Munali khola la nyama zakutchire, ngakhale kuti nyama zodyeka zidathera pa phwando lotsegulira kholalo. Mudatsala fisi mmodzi wachifuwa ndi ng'ona imene anthu ankatsutsana ngati ili moyo. Munali Nyumba ya Mbiri ya Dziko, momwe ankasungiramo nsapato zakale za mfumu, mswachi wake woyamba, ndi mpando umene idakhalira tsiku limene idaganiza zomanga Nyumba ya Mbiri ya Dziko. Pa mtsinje panali Bwato la Mabanja, ndipo wokwera aliyense ankapatsidwa kachitini kokapira madzi, ati ndi masewero a ana. Koma mutu wa zonse chinali chigudumu chachitsulo, chachitali kuposa nsanja ya tchalitchi, cholendewera timipando mozungulira. Magetsi akachizunguza chinkakweza anthu awiriawiri kumwamba n'kuwatsitsanso. Boma lidachitcha Diso la Mfumu. Anthu ankangoti Chigudumu, timipandoto n'kumati madengu.

Alendo sadabwere. Kudabwera mmodzi, bambo wa chikwama kumsana, ndipo adalandiridwa ndi ng'oma, magule ndi zoyankhula mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza, atapatsidwa mwayi woti anenepo mawu, adafunsa njira ya kudepoti ya mabasi.

Bwalo lidakhalanso.

"Mlendo ali ngati ntchentche, Wamkulukulu," adatero a Ndavomera. "Satera pouma. Amatera pomwe anzake atera kale. Tiyambe tadzaza pakiyi ndi anthu athu, aoneke akusangalala. Vuto lina ndi Tiyimepati."

Tiyimepati udali mudzi wa anthu wamba, kuseri kwenikweni kwa paki. Boma lidaubisa ndi mpanda wautali wa malata, n'kujambulapo nyumba zosanja ndi maluwa. Koma utsi wa mbaula, kulira kwa ana ndi fungo la matemba sizidziwa mpanda.

"Pamalo pajatu pakanakhala hotela ya magalasi okhaokha," adapitiriza a Ndavomera. Mfumu idapendeka khutu, nduna n'kuyandikira. Zimene adanong'onezana sizidamveke, chifukwa oimba ng'oma adalamulidwa kuti aimbe mokweza.

Ku Tiyimepatiko kunkakhala a Nangondo, mayi wogulitsa thobwa pa msika wa pa Doko. Anali wamtali, wouma thupi, wosaseka zinthu zosaseketsa. Mwamuna wawo adapita kukagula misomali nyumba ili pa mawindo, ndipo misomaliyo akuisankhabe. A Nangondo adaumba njerwa okha, kuziotcha okha, n'kukwera okha padenga. Nyumbayo inali ya zipinda zitatu, ndipo inali chinthu chokhacho pa dziko lapansi chimene ankachitchula kuti changa popanda wina kutsokomola.

Mmawa wina adadzuka n'kupeza pakhoma lakumaso pali mtanda waukulu wa penti yofiira. Nyumba zonse za mumzerewo zinali ndi mitanda yake. Adaupala ndi chikhadabo, adauthira madzi a sopo, koma penti ya boma ikakhala yoipitsa ndi pamene imakhala yolimba.

Tsiku lomwelo pa msika padafika galimoto ya chimkuzamawu.

"Tamverani, tamverani! Mwa chikondi chake chosefukira, Wamkulukulu Kadzitame Wachiwiri walamula kuti Loweruka likudzali mabanja onse a ku Tiyimepati akasangalale ku Paki ya Chisangalalo, kwaulere! Banja lipite lathunthu. Pakhomo pasatsale munthu, kaya wodwala, kaya wokalamba. M'pakimo aliyense azimwetulira. Wolengeza nkhani yoipa m'paki adzatengedwa!"

"Kwaulere?" adatero mkulu wina wogulitsa nyama. "Kuno chaulere ndimachidziwa ine ndi malungo okha."

"Nanga ife mano anatha, tikamwetulire ndi chiyani?"

"Mukabwereke a malemu amuna anu, agogo, sakugwiritsa ntchito."

A Nangondo sadaseke nawo. Adasiya chidebe cha thobwa n'kukaima pa windo la galimotoyo.

"Bwana, mtanda uli pakhoma pangawu ndi wa chiyani?"

"Ndi chizindikiro choti mfumu ikukudziwani, mayi."

"Mbuzi imene mwiniwake waidula khutu nayonso imadziwika. Ndikufunsa za nyumba yanga."

Wolengeza uja adatsitsa mawu. "Banja limene likaoneke ku paki lathunthu, likusangalala, nyumba yake sidzakhudzidwa. Mawu a nduna amenewo. Koma lomwe likasowe, kapena likaoneke lokwinya nkhope, musadzandifunse."

A Nangondo adabwerera pa benchi pawo. Pafupi nawo pankakhala mai Chikakuda, ogulitsa nsomba zokazinga, mayi wamawu oti akaitana kasitomala tsidya lino, a tsidya linalo ankapisa m'thumba.

"Ndiye mupita, anzanga?" adafunsa mai Chikakuda.

"Ndikasekerera mpaka masaya athetheke. Nyumba ija sindinaitole."

"Banja lathunthu, akutero. Ndiye kuti ndi akamwini omwe."

A Nangondo adangovundula thobwa.

Nkhani ya akamwiniyi inali yotere. Mwana wawo, Mwandida, adakwatiwa ndi Filimoni, wa kabaza, ndipo banjalo linkakhala m'kanyumba ka kuseri pa bwalo lomwelo, ndi khanda lawo Tiyanjane. A Nangondo adakulira m'mwambo woti mpongozi ndi mkamwini sayang'anana pamaso, sakhala mpando umodzi, sayankhulana mwachindunji. Filimoni nayenso adachokera kwa anthu. Akaona apongozi akubwera m'njira, ankakhota ndi njinga yake kulowa paliponse pomwe pali mpata, ndipo tsiku lina mpatawo udali ngalande. Adatulukamo akununkha, koma ulemu uli wonse.

Madzulo ake a Nangondo adakhala pakhonde, Mwandida ali pakati pa bwalo, Filimoni ali kuseri kwa chitseko cha kanyumba kake.

"Iwe Mwandida, uwauze bambo a Tiyanjane kuti Loweruka asatulutse njinga. Tikupita kokasangalala."

"Akuti Loweruka musatulutse njinga."

"Uwauze amayi kuti ndamva," adayankha Filimoni kuseri kwa chitseko.

"Akuti amva."

"Ndamva kuti amva."

Mwandida adausa moyo. "Amayi, tili m'tauni muno. Anthu amakhala tebulo limodzi ndi akamwini awo, kudyera limodzi."

"N'chifukwa chake maukwati awo amatha msanga ngati sopo wa hafu. Tauni inabwera ndi mipope youma, sinabwere kudzachotsa manyazi."

Loweruka lidafika. Tiyimepati yense adakhoma zitseko n'kutuluka, odwala ali pa mawilibala, nkhalamba zili pa njinga. A Nangondo adatsogola atavala chitenje cha ku ukwati, Mwandida ali pakati ndi mwana kumsana, Filimoni ali kumbuyo patali poti mwala sungafike. Pa chipata panali asilikali a Kumwetulira, atanyamula zibonga ndi mawezulo, kuyang'ana munthu aliyense m'kamwa ngati ogula ng'ombe.

Adawayendetsa m'magulu. Ku khola la nyama, fisi adawayang'ana n'kutsokomola.

"Uyu tikudwala chimodzimodzi," adatero agogo ena ali pa wilibala. "Kodi iye mankhwala amamupatsa?"

Ku Nyumba ya Mbiri, woonetsa alendo adaima pa nsapato za mfumu n'kufotokoza kuti yakumanzere ndi imene idayamba kuponda njira ya chitukuko. Mai Chikakuda adafunsa ngati yakumanja idatsalira dala. Msilikali adaliza wezulo, mai Chikakuda n'kumuonetsa mano onse, ndi a m'mbali omwe. Pa Bwato la Mabanja anthu adakapa madzi molimbika kotero kuti sadaone mtsinje umene adapita kukaona.

Dzuwa lili pamutu, onse adasonkhanitsidwa patsinde pa Chigudumu. Mfumu idakwera pa nsanja, a Ndavomera ataigwirira ambulera.

"Anthu anga," idayamba mfumu pa chimkuzamawu, "mlendo akachoka kwawo amafuna kudzaona mwambo. Mwambo ndiye golide wathu. Wopondereza mwambo m'paki muno ndi mdani wa chitukuko, mdani wa mtsinje, mdani wa ine!"

Anthu adawomba m'manja, popeza zibonga zinali pafupi. Mfumu ikuyankhulabe, kapitawo wa Chigudumu adayamba kukweza anthu. Mai Chikakuda ndi amuna awo, bambo wochepa thupi amene mawu ake adaleka kumveka chaka cha ukwati wawo, anali kumbuyo kwa banja la a Nangondo pa mzere.

"Mwana wa kumsana sakwera," adatero kapitawo, akukankhira Mwandida pambali. "Inu mayi aakulu, inu bambo, lowani."

Filimoni adabwerera m'mbuyo ngati waponda moto. "Bwana, awa ndi apongozi anga."

"Ndiye banja limenelo. Lowani."

"Ndikwera dengu lotsatira, bwana."

"Lotsatira lili ndi eni ake. Kapena ndikauze nduna kuti banja ili lakana kusangalala? Mtanda wanu uli mzere uti?"

A Nangondo adaona khoma lawo m'maganizo, njerwa iliyonse ndi chala chawo. Adakoka nsonga ya chitenje n'kuphimba tsaya lakumanja, adalowa m'dengu, n'kukhala atayang'ana kumanzere. Filimoni adalowa chammbuyo n'kukhalira thako limodzi, nkhope ili kumanja. Dengulo lidapangidwira anthu okondana. Pakati pa awiriwo padatsala mpata woti pangadutse mphepo yokha, ndipo aliyense ankaulondera ngati malire a munda.

Chigudumu chidalira, dengu lidagwedezeka, nthaka n'kuyamba kuthawa. A Nangondo adagwira chitsulo mpaka zala kuyera, koma mano adawasiya panja, poti asilikali ankayang'anabe. Adakwera kupitirira mitengo, kupitirira mbendera, kupitirira akhungubwi. Atafika pamwamba penipeni, Chigudumu chidabuula n'kuima. Pansi, mawu a mfumu adaduka pakati pa liwu loti chitukuko. Magetsi adazima.

"Yatsani jenereta!" adakuwa wina.

"Mulibe dizilo!" adayankha kapitawo. "Anthu a ku unduna anadzatenga mmawa, ati kuli ntchito ina yofunika!"

Ku mbali ya a Nangondo kunali mtsinje. Ngakhale anali ndi mantha, adavomera mumtima kuti Kokolola ndi wokongola ukakhala pamwamba poti sangakufike. Adaona mabwato ngati makoko a mtedza, mlatho wothyoka wa chaka chatha, ndi nyumba ya mfumu, komwe mipope inkathirira kapinga. Kwa zaka zonse zija ankadabwa kuti madzi a ku Tiyimepati amapita kuti. Tsopano adawaona, ali bwinobwino, akusewera pa udzu.

Ndipo adamva chinthu. Kumanja, kuseri kwa mpanda wa malata, kunkamveka kulira kwa injini zolemera, kenaka phokoso ngati la mtengo waukulu ukugwa. Mphepo idabweretsa fumbi, ndipo fumbilo adalidziwa. Linali la njerwa.

Tiyimepati anali kumanja. Kumanja kunali mkamwini. Kuti aone, adayenera kutembenuza nkhope n'kuyang'ana kumene sadayang'aneko chikwatiwire Mwandida. Khosi lidakana. Adasuzumira pansi, m'dengu lotsatira, momwe mai Chikakuda ankadzipepesa ndi mpango.

"Mai Chikakuda!"

"Ee, anzanga! Mukadali moyo?"

"Tandifunsirani bambo a Tiyanjane kuti fumbi likuchokera kwathulo ndi la chiyani."

Mai Chikakuda ankadziwa mwambo, ndipo ntchito ya mkhalapakati adailandira ndi manja awiri. Adadzaza chifuwa.

"BAMBO A TIYANJANE! APONGOZI ANU AKUTI FUMBI LIKUCHOKERA KU TIYIMEPATILO NDI LA CHIYANI?"

Mitu idayang'ana kumwamba. Filimoni anali ataona kale zonse, koma akanayamba bwanji kuyankhula pamaso pa apongozi asanafunsidwe? Adawerama n'kuyankha cha pansi.

"Muwauze amayi kuti kuli zigalimoto zachikasu zogumulira nyumba. Zayambira kumunsi. Shopu ya telala, a Kwenda, yagwa kale."

"A NANGONDO! AKAMWINI ANU AKUTI KULI ZIGALIMOTO ZOGUMULA NYUMBA! SHOPU YA A KWENDA YAGWA KALE!"

Pakati pa khamu, a Kwenda adagwira kumutu. Adayang'ana msilikali, adayang'ana chipata, n'kuliyatsa liwiro, akazi awo ali pambuyo, kumwetulira kutagwera m'fumbi.

Sajeni wa Kumwetulira adaliza wezulo n'kuloza chibonga kumwamba. "Inu mayi! Lamulo likuletsa kulengeza nkhani yoipa m'paki!"

"Akulengeza ndani?" adabweza mai Chikakuda. "Ine ndikufikitsa mawu a mkamwini kwa apongozi ake. Mukufuna ayankhulane okha, ngati anthu okulira m'botolo? Inu apongozi anu mumawayang'ana m'maso?"

"Ayi, koma..."

"Wamkulukulu angonena kumene apa kuti wopondereza mwambo ndi mdani wa mtsinje. Mukufuna mukhale mdani wa mtsinje, a sajeni? Mudziwa kusambira?"

Sajeni adayang'ana ku nsanja kuti athandizidwe. Mfumu inali ikuyankhulabe, poti palibe adalimba mtima kuiuza kuti chimkuzamawu chidazima. A Ndavomera ankagwedeza mutu pa mawu alionse, koma thukuta linkayenderera mpaka m'kolala.

"Mai Chikakuda," adateronso a Nangondo, mawu ali phee ngati akufunsa mtengo wa chimera, "tandifunsirani kuti zafika pati."

Funso lidakwera, yankho lidatsika, mai Chikakuda n'kulikwezanso.

"AKUTI ZAFIKA PA TCHALITCHI CHA MALATA!"

Amayi a mvano adanyamuka onse pamodzi, mipango ikuuluka.

"AKUTI CHINA CHAKHOTERA KU SHABINI YA A NASIYAYA!"

Apa ndi pamene amuna adaonetsa kuti ali ndi miyendo. Ngakhale agogo a pa wilibala aja adatsika n'kuikankha okha wilibalayo. Asilikali adayesa kutseka chipata, koma khamu linali ngati Kokolola wa m'dzinja. Sajeni adaimabe patsinde pa Chigudumu, wezulo ali kukamwa.

"AKUTI KULI NYUMBA YA CHITSEKO CHOBIRIWIRA, PAFUPI NDI MJIGO, YAYAMBA KUGWEDEZEKA!"

Wezulo adagwa. "Imeneyo ndi yanga," adatero sajeni, akudziyankhulira yekha. Adaponya chibonga pansi n'kudutsa anthu onse, kulumpha ndi mpanda womwe.

A Nangondo adafunafuna Mwandida ndi maso. Adamuona ataima yekha pomwe panali mzere paja, akuyang'ana kumwamba, mwana ali kumsana. Uyu yekha ndi amene akanamuyankhula popanda mkhalapakati.

"Iwe Mwandida! Ukuonerera chiyani? Ine ndabala chitsa? Thamanga ukakhale pakhomo!"

Mwandida adamanga mbereko kawiri n'kuthamanga.

Paki idatsala ndi mfumu, nduna, fisi, ndi anthu olendewera m'madengu. Filimoni adapitiriza kupereka nkhani, mai Chikakuda n'kumaikweza, ngakhale kuti omvera anali atatha. Akuti anthu afika pa mjigo. Akuti amayi akhala pansi pamsewu, zigalimoto ziwiri zaima. Akuti chatsala chimodzi, chalowera mzere wakumtunda, komwe anthu sanafike.

Mzere wakumtunda unali wa a Nangondo.

Filimoni adaweramiranso ku dengu la pansi. Kenaka mawu ake adatuluka owonda. "Muwauze amayi kuti chafika pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu."

Mai Chikakuda sadakuwe. Adangoyang'ana kumwamba, kukamwa kuli yasa.

A Nangondo adamva khosi lawo likutembenuka lokha. Filimoni adaona nsonga ya chitenje ikusuntha, ndipo adachita chimene mwana wa anthu akanachita. Adapinda msana, n'kulowetsa mutu pakati pa mawondo, manja ataphimba m'khosi, kuti apongozi aone kwawo popanda kuona iye. A Nangondo adayang'ana pamwamba pa msana wa mkamwini ngati pamwamba pa chulu.

Adaiona nyumba yawo, yaing'ono ngati bokosi la machesi. Chigalimoto chidatsitsa chimlomo chake n'kugunda khoma lakumaso. Khomalo lidalimba kaye, poti adaumba ndi iwo, kenaka lidagwada n'kugwa, mtanda wofiira uli pansi. Chigalimoto chidabwerera m'mbuyo kuti chitenge mphamvu. Pomwepo kachinthu ka chitenje chachikasu kadatulukira pakona n'kukakhala pansi pakati pa chimlomo ndi nyumba. Anali Mwandida, mwana ali kumsana. Pambuyo pake padafika ena, ndi ena, mpaka bwalo lonse lidadzaza mitu. Utsi wa chigalimoto udachepa, kenaka udatha.

A Nangondo adabweza nkhope yawo ku mtsinje n'kukonza chitenje pa tsaya.

"Mai Chikakuda, muwauze bambo a Tiyanjane kuti adzuke. Msana umenewo ndi umene ukanyamule njerwa."

Magetsi adayaka nthawi yake itakwana, monga imachitira mvula, popanda wopepesa. Dengu litafika pansi, Filimoni adatuluka chokwawa n'kulowera njira ina.

Ku bwalo la mfumu kudatentha. Mfumu idafuna kudziwa chifukwa chimene anthu ake adathawira mawu ake asanathe, ndiponso kuti hotela ya magalasi ili kuti.

"Sanathawe, Wamkulukulu," adatero a Ndavomera atagwada. "Mawu anu anawalowa mpaka m'miyendo. Chimwemwe chikachuluka munthu sakhala pansi."

"Nanga Tiyimepati? Ndamva kuti theka lagwa, theka laima, ndipo anthu akugona pamsewu kutsogolo kwa zigalimoto zanga."

A Ndavomera adaganiza msangamsanga. Kenaka nkhope yawo idawala ngati ya munthu amene wapeza khomo m'nyumba yoyaka. "Wamkulukulu, kunja kuja, kodi simunaone alendo akujambula nyumba zakugwa?"

Mfumu idakhala tsonga. Idaziona ndithu. Makoma opanda denga, zipilala zothyoka, alendo ali piringupiringu, ana awo akunyambita zozizira.

"Mabwinja," idatero mfumu pang'onopang'ono. "Eni ake aja anadikira zaka zikwi kuti nyumba zawo zigwe. Ife tapanga athu tsiku limodzi."

"Liwiro la chitukuko chanu limenelo, Wamkulukulu."

Galimoto ya chimkuzamawu idabweranso pa msika wa pa Doko. Idalengeza kuti Tiyimepati tsopano ndi Mabwinja Akale a Makolo, malo onyaditsa ufumu wonse. Anthu okhalamo sadzachotsedwa, chifukwa ndiwo osunga mabwinja. Koma aliyense wopezeka akukonza khoma, kubwezeretsa denga kapena kuimika chitseko adzatengedwa, chifukwa chowononga mbiri ya dziko.

"Ndiye kuti ife ndife makolo?" adafunsa wogulitsa nyama uja.

"Ndinu mizimu, achimwene. Muzilandira nsembe."

"Bola ikhale ya ufa."

Mai Chikakuda adatembenukira kwa a Nangondo. "Nyumba mwaipulumutsa, anzanga."

"Ndapulumutsa makoma atatu. Lachinayi lalowa m'boma."

Patapita masiku, a Nangondo anali m'chipinda chawo chochezera, chomwe tsopano chinkayang'ana msewu ngati sitolo. Ankasefa chimera. Njerwa za khoma lakugwa zinali mulu pomwe zidagwera, poti kuzisuntha kunali kuba chuma cha dziko. Padafika mnyamata wa ku unduna, wa tayi ndi nsapato zosongoka, akutsogolera anthu awiri onyamula chikwangwani. Adachikhoma pa mtengo wa mango, iye n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ngati chawongoka.

"Zikomo, mayi. Tikuyembekezera alendo posachedwapa. Akabwera muzingochita zimene mukuchitazo, koma osayatsa wailesi."

"Bwana, mphepo ya mumtsinje ikumalowa mpaka kuchipinda. Mwana wayamba chifuwa. Ndingapachikeko chiguduli pamenepa?"

Mnyamatayo adaganiza, akusisita tayi.

"Chiguduli n'chololedwa. Koma chikhale chakale, mayi. Chakale kwenikweni. Pano sitifuna chinthu chatsopano chosokoneza maso a alendo."

A Nangondo adagogoda sefa pa chikhatho, osadzutsa mutu.

"Musade nkhawa, bwana. M'nyumba muno chatsopano ndi bowo lomweli."